Mlangizi wa zachuma woima payekha ku Zomba: ndemanga patatha chaka

Patha chaka tikugwira ntchito ndi mlangizi wa zachuma woima payekha kuno ku Zomba, ndipo ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Chimene chikuwasiyanitsa ndi ejenti wa inshuwalansi n'chakuti amalipidwa ndi kasitomala, sadya komishoni ya kampani iliyonse. Funsani zimenezi tsiku loyamba, ndipo zilembedwe papepala. Wodya komishoni amakukankhirani ku polise imene ikumupindulira iyeyo.

Pa ulendo woyamba sakamba za masheya ayi. Amafuna mapepala: payslip ya miyezi itatu, sitetimenti ya ku banki ndi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, kabuku ka banki m'khonde, sitetimenti ya penshoni, ndi ngongole zonse, ngakhale ya katapila ija munthu amachita nayo manyazi. Apa m'pamene luso lawo limaonekera. Amandandalika ngongolezo, ya chiwongoladzanja chachikulu pamwamba. Katapila wa K100,000 wobweza K150,000 pakutha pa mwezi ndi 50 peresenti pa masiku 30 okha. Palibe fixed deposit (ndalama yosungitsa ku banki kwa nthawi yoikika) ingakupatseni phindu lotero, ndiye kuyamba kusunga musanatseke ngongole imeneyo n'kutungira madzi m'dengu.

Amafufuzanso ngati abwana akuperekadi 10 peresenti yawo ya penshoni pamwamba pa 5 peresenti yodulidwa pa malipiro anu. Zimachitika kuti pa payslip yadulidwa, koma ku kampani yosunga penshoni siinafike. Ambiri amadzadziwa mochedwa.

Ndalama yotsala amaigawa potengera tsiku limene idzafunike. Yadzidzidzi, yokwana kudya miyezi itatu, ikhale pofikirika. Ya fizi ipite ku ma Treasury bill (kubwereketsa boma ndalama kwa kanthawi) a masiku 91, 182 kapena 364, osankhidwa kuti akhwime teremu isanayambe. Ya zaka zisanu kupita m'tsogolo ndiyo ya masheya a pa Malawi Stock Exchange, ndipo sabisa kuti mtengo wa sheya umatha kutsika. Chifukwa chosangosiyira ndalama mu akaunti wamba amachionetsa ndi manambala: kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anangosiya ndalama mu akaunti wamba anapeza kuti yagula matumba ochepa a simenti. Ndakondanso kuti sagwira ndalama yanu. Imachoka kwa inu n'kupita mwachindunji ku banki kapena kwa broker (wokugulirani masheya) wa chiphaso cha Reserve Bank of Malawi. Mlangizi akati muike mu akaunti yake, imirirani muzipita.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Bajeti yawo yoyamba inali ya munthu wolandira pakutha pa mwezi. Koma wa geni ya matemba a ku Chilwa amakhala chimanjamanja nyanja ikatsekedwa, ndipo mwini nyumba za ana a UNIMA ku Chikanda salandira lendi yokwanira pa holide. Anaikonza kuti iziyendera nyengo, koma titachita kuwauza.

Chachiwiri, nkhani ya wilo anaiyamba mwezi wachisanu ndi chitatu, pamene inafunika kuyambira pachiyambi pamodzi ndi fomu yotchula odzalandira penshoni. Fomu imeneyo ambiri anaisaina asanakwatire, ndipo mayina a ana mulibe.