Ndi primer uti amene amakhalitsa mukamusunga?

Anthu amene amadzaza okha zipolopolo amagula ma primer m'mabokosi a 1,000, ndipo ena amakhala nawo zaka zambiri asanawamalize. Kakapu kachitsulo kameneka, kamene kamayatsa onga pamene msomali wa mfuti wakamenya, nthawi zambiri sikalembedwa tsiku lotha ntchito, choncho munthu ayenera kuyang'ana zinthu ziwiri: mankhwala ali m'katimo ndi malo amene kasungidwa.

Ma primer ambiri a masiku ano, monga a makampani a CCI, Federal, Winchester ndi Remington, amagwiritsa ntchito lead styphnate, mankhwala a mtovu amene anayamba kufala cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Pa nkhani yokhalitsa, ameneyu ndiye ndimamukhulupirira, chifukwa akakhala pouma ndi pozizira bwino amatha kuyaka mosavuta ngakhale patapita zaka 30 kapena 40. Mnzake wopanda mtovu, amene kawirikawiri amakhala ndi mankhwala otchedwa DDNP, ali ndi ubwino wake woti satulutsa fumbi la mtovu, zimene zimathandiza owombera m'malo otsekeka. Koma amadziwika kuti sapirira kutentha ndi chinyezi mofanana ndi woyambayo, kotero ndi wogula kuti mugwiritse ntchito msanga, osati wosunga mpaka mutaiwala.

Ma primer akale okhala ndi mankhwala a potassium chlorate, amene asilikali a ku United States anawagwiritsa ntchito mpaka m'ma 1950, amakhalitsa modabwitsa, kungoti amasiya mchere umene umakoka chinyezi ndi kuchititsa dzimbiri mumpope wa mfuti ngati simunautsuke ndi madzi. Okhala ndi mankhwala a mercury fulminate ndiye ayi: amafooka okha ndi nthawi, ndiponso amawononga mkuwa wa chigoba cha chipolopolo.

Pa kasungidwe ndi pamene odzaza zipolopolo amatsutsana kwambiri. Ena amakonda bokosi lachitsulo la asilikali lokhala ndi mphira pachivundikiro, ndipo n'zoona kuti limatchinga chinyezi kuposa china chilichonse, makamaka mukaikamo timatumba ta silica gel toyamwa chinyezi. Vuto lake ndi lakuti moto ukabuka m'nyumba, bokosi lotsekeka zolimba limasunga mphamvu yonse m'kati kufikira litaphulika ndi kumwaza zidutswa za chitsulo. Kabati yamatabwa okhuthala imalowetsa mpweya pang'ono, inde, koma imachedwetsa kutentha ndipo imapereka mpata woti mphamvu ituluke. Ine ndimasankha kabatiyo m'chipinda chouma, chifukwa kutaya ma primer angapo ndi chinyezi n'kochepa poyerekeza ndi ngozi inayo. Njira yachitatu, yokhuthulira ma primer onse m'botolo limodzi, siyeneranso kuiganizira. Timathireyi ta pulasitiki ta 100 timene amabwera nato tinapangidwa kuti aliyense akhale payekha, ndipo akasakanikirana, mmodzi akaphulika amatha kuyatsa onse nthawi imodzi. Bungwe la SAAMI, la makampani opanga mfuti ndi zipolopolo ku United States, limalangiza kuwasiya m'mapaketi awo, ndipo malamulo a moto a NFPA 495 ku United States amaika malire a ma primer 10,000 m'nyumba yokhalamo anthu. Asakhalenso pamodzi ndi onga, kapena pafupi ndi mafuta ndi mankhwala otsukira mfuti, pakuti zimenezi zikalowa m'kakapuko zimafooketsa mankhwala.

Mukapeza bokosi lakale limene simukudziwa mbiri yake, yang'anani kaye ngati pepala lake lili ndi zizindikiro zoti linanyowapo kapena ngati timakapu tasanduka tobiriwira. Ngati zonse zili bwino, dzazani zipolopolo 10 kapena 20 zokha n'kukaziyesa. Primer wofooka amaonekera pa liwiro losiyanasiyana la zipolopolo, kapena amachedwa kuyaka. Zikatero, lozetsanibe mfuti kumene kulibe anthu kwa masekondi osachepera 30 musanaitsegule. Bokosi lotero ndi longophunzirira kuwombera basi, osati lopita nalo kosaka nyama kapena ku mpikisano.