Jenereta ya petulo ija: ikulirabe, koma imadya

Ena mwakhala mukufunsa ngati jenereta ya 2.5 kVA (muyeso wa mphamvu yake) imene ndinagula mu 2024, nthawi imene madzi anachepa ku damu la magetsi la Kariba malaiti n'kumapita pafupifupi tsiku lonse, ikadali ndi moyo. Ilipo. Imalira ndikangokoka chingwe, ndipo nkhuku za m'firiji pa kantemba kanga ku Kapata, kuno ku Chipata, sizinawolepo. Dandaulo langa ndi kadyedwe kake.

Lita imodzi ya petulo imakhala ndi mphamvu yofanana ndi mayunitsi pafupifupi 9 a magetsi. Kajenereta ngati aka, ngakhale katanyamula katundu woyenera, kamangobweza mayunitsi 2 kapena ocheperapo. Otsalawo amapita kuti? Yandikizani dzanja ku ekizozi mumve. Mphamvuyo sisowa ayi, imasanduka kutentha, ndiye ndalama zanu zimathera kufunditsa mphepo ya Chipata, imene mu Okutobala ndi yotentha kale. Gawo lina la kutayikaku si ulesi wa opanga. Sadi Carnot wa ku France anasonyeza mu 1824 kuti injini iliyonse yoyendera moto iyenera kutaya kutentha kwina kuti igwire ntchito. Palibe makaniko angachotse lamulo limenelo.

Chimene chili m'manja mwanu ndi kagwiritsidwe. Injini yake imazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, kaya mwalumikiza firiji, kaya babu limodzi lokha. Kuiyatsa kuti mutchaje foni n'chimodzimodzi kupha ng'ombe chifukwa cha mlendo mmodzi. Ine ndimasonkhanitsa ntchito: firiji, mabatire, ndi mashini ometera a aneba anga, zonse nthawi imodzi, firiji ikazizira bwino ndazimitsa. Mababu a usiku ndinawasiyira kasola. Ngati mukungofuna kuwala ndi wailesi, jenereta si yanu.

Firiji nayo ndinaikokera patali ndi khoma. Ntchito yake ndi kutulutsa kutentha kwa mkati n'kukutaya kunja, tsono mphepo ikapanda podutsa, kompuresa, kainjini ka firijiyo, imangolira osapuma, petulo n'kumatha.

Fumbi la m'chilimwe limatseka fyuluta ya mpweya ya jenereta msanga. Mukaona utsi wayamba kuda, dziwani kuti petulo sakupsa yense, tsukani fyulutayo. Oilo musamachedwe kusintha. Ndipo chonde, ngakhale muziopa akuba, musaiyatsire m'nyumba; mu utsi wake muli mpweya wosanunkha umene umapha munthu ali m'tulo. Yanga imakhala panja, yomangidwa ndi tcheni ku mtengo wa mango.