HubSpot yaulere polumikiza maimelo a alendo: nyenyezi zinayi pa zisanu

Timagwiritsa ntchito HubSpot CRM yaulere, pulogalamu yosungira mbiri ya makasitomala, pa loji ina ku Senga Bay kuno ku Salima, komwe alendo ambiri amabukitsa zipinda ndi holo pa imelo, makamaka mabungwe a ku Lilongwe ofuna malo ochitira misonkhano. Ndemangayi ikukhudza mbali imodzi yokha, yoika imelo iliyonse pa tsamba la kasitomala wake. Mbaliyi imagwira bwino, koma dziwiranitu kuti pulogalamuyi imazindikira munthu poona adiresi ya imelo basi. Dzina lake kapena nambala ya foni siziithandiza.

Njira yomwe tikulimbikitsa ndi kulumikiza inbox yanu. Mumapita ku Settings, General, Email, n'kudina Connect personal email. Gmail ndi Office 365 zimangofuna kuti mulowe mu akaunti n'kuvomereza. Ngati imelo ya loji ili pa seva ya amene anakupangirani webusaiti, sankhani IMAP, ndipo muwafunse dzina la seva. Poti ya makalata obwera nthawi zambiri ndi 993, ya otuluka ndi 465 kapena 587. Mukalumikiza chonchi, kasitomala akayankha imelo yomwe munailoga, kutanthauza kuisunga mu CRM, yankho lakelo limalowa lokha pa tsamba lake. Adiresi yomwe antchito onse amagwiritsa ntchito polandirira mabuking'i ilumikizidwe ngati team email, kuti wa masana ndi wa usiku aziona makalata omwewo.

Palinso adiresi ya BCC yomwe akaunti iliyonse ya HubSpot imapatsidwa. Mukaiika pa BCC, malo olembapo wolandira kope la kalata mobisa, potumiza kalata, ngakhale pa foni, kalatayo imalowa mu CRM. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka: ngati inbox sinalumikizidwe, BCC imasunga zomwe mwatumiza inu zokha. Tsamba la kasitomala limaonetsa kotesheni yanu, koma yankho lake lakuti anthu achepa kuchoka pa 40 kufika pa 25 silioneka, ndipo kukhitchini aphika za anthu 40. Kalata yobwera yotere mumaitumiza nokha ku adiresi ina ya forward, yomwe ili mu Settings, kuti ilowe mu CRM.

Pulogalamuyi imatha kulumikiza munthu ndi bungwe lake poona zomwe zili kumanja kwa chizindikiro cha @. Anthu atatu a bungwe limodzi akalemba ndi adiresi za kuntchito, onse amakhala pansi pa bungwelo popanda inu kukhudza kanthu. Koma kwathu kuno adiresi zambiri ndi za gmail.com ndi yahoo.com, ndipo zimenezi pulogalamu imazidumpha dala, apo ayi makasitomala onse a Gmail akanasanduka kampani imodzi. Otere muziwalumikiza pamanja tsiku lomwelo. Chinanso, ofisala mmodzi amalemba ndi adiresi ya kuntchito Lolemba, Loweruka n'kulemba ndi Gmail ya pafoni, ndipo mu CRM amakhala anthu awiri, aliyense ndi theka la nkhani. Onjezani adiresi yachiwiriyo pa tsamba lake loyamba. Ngati masamba awiri apangika kale, aphatikizeni ndi Merge, koma yang'anitsitsani kaye, chifukwa akaphatikizana sabwereranso mwakale. A Banda ndi a Phiri ndi ochuluka m'kaundula aliyense wa alendo.

Nyenyezi yachisanu taichotsa chifukwa cha ma deal, omwe ndi masamba a buking'i iliyonse yomwe mukukambirana ndi kasitomala. Imelo ikalogedwa, imadziphatika yokha ku ma deal otsegula a munthuyo, mpaka asanu aposachedwa. Bungwe likakhala ndi msonkhano mu Malichi ndi wina mu Juni, invoisi ya Juni imaonekanso pa deal ya Malichi, ndipo wa maakaunti amayamba kufunsa ndalama zolakwika. Musanatumize, tsegulani kabokosi koonetsa komwe kalatayo ilowe n'kuchotsa deal yosayenera. Komanso alendo akangonyamuka, deal yawo itsekedwe, yapambana kapena yalephera. Deal yosiyidwa yotsegula imangokoka makalata osaikhudza.

Tsiku loyamba lomwelo, lembani mndandanda wa Never log, wa adiresi zomwe makalata ake sayenera kulowa mu CRM. Muikemo adiresi ya banki, ya eni loji ndi ya amene amakonza malipiro a antchito. Kupanda kutero, kalata ya zamalipiro ikalogedwa mwangozi, aliyense wololedwa kuona tsambalo aiwerenga, ngakhale wapa risepushoni.

Chizindikiro chakuti kasitomala watsegula kalata musachikhulupirire kwambiri. Chimadalira kachithunzi kosaoneka kobisidwa m'kalatamo. Kuyambira 2021, Apple Mail imatha kutsitsa kachithunziko mwiniwake asanawerenge, pomwe ena anatseka zithunzi pa imelo zawo ndipo amaoneka ngati sanatsegule. Ngati kotesheni sinayankhidwe, imbani foni.

Zomwe sizidutsa pa imelo sizilowa zokha. Mlendo akamaliza nkhani pa WhatsApp n'kulipira dipoziti pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, wolandirayo alembe Note pa tsamba lake, yokhala ndi tsiku, ndalama ndi nambala ya risiti. Kulumikiza WhatsApp kumafuna phukusi lolipira, ndipo silitchajidwa m'makwacha, zomwe loji yaing'ono iyenera kuwerengera bwino. Intaneti ikadula, CRM sitseguka, choncho mndandanda wa alendo obwera mawa uzisindikizidwa madzulo.

Mukasintha pasiwedi ya imelo, inbox imatha kuduka ku CRM, ndipo mayankho amasiya kulowa mpaka mutailumikizanso. Wosintha pasiwediyo abwerere ku Settings nthawi yomweyo, adine Reconnect, atumize kalata yoyesera ku adiresi ina yomwe ili kale mu CRM, aiyankhe, n'kuona ngati zonse ziwiri zaoneka pa tsamba.