Kutumiza kumudzi mbale za maluwa ndi zipatso: positi, DHL, kago kapena kontena?

Anzanga amene mumatolera mbale zosweka zojambulidwa maluwa, masamba ndi zipatso, funso lobwerabwera ndi lakuti zitumizidwe bwanji kuti zikafike zamphumphu. Dzina la kampani si limene limateteza mbale. Zoswa mbale ndi ziwiri: mpata wotsala m'katoni, ndi katundu wolemera wosanjikizidwa pamwamba. Kampani muisankhe poona mmene imawerengera kulemera, komanso zimene yalemba pa nkhani ya chipukutamisozi.

Musanagule katoni, tembenuzani mbale muwerenge chidindo cha pansi, chifukwa mbalezi sizilimba mofanana. Botanic Garden ya kampani ya Portmeirion, imene Susan Williams-Ellis anaitulutsa mu 1972 ku Stoke-on-Trent, ya mkombero wa masamba obiriwira ija, ndi earthenware: dongo lootchedwa pa moto wocheperako, lochindikala, lolemera, koma lobenthuka msanga m'milomo. Pomona, ya zipatso, imene inabwera mu 1982, ndi chimodzimodzi. Evesham ya Royal Worcester, yoyamba mu 1961, ndi porcelain, dongo loyera lootchedwa pa moto waukulu, ndipo imapirira kwambiri, kungoti Evesham Gold ili ndi mzere wagolide m'mlomo umene umafufutika mbale zikamakhuzana. Wild Strawberry ya Wedgwood ndi bone china, mtundu wa porcelain wosakaniza ndi phulusa la mafupa, yopyapyala ndi yopepuka. Pamene imavutira ndi pa zogwirira za makapu. Zovuta kuposa zonse ndi za Bordallo Pinheiro zochokera ku Caldas da Rainha, ku Portugal, zoumbidwa ngati tsamba la kabichi. M'mphepete mwake ndi mokhotakhota, sizikhalirana bwino, ndipo nsonga iliyonse ndi malo obenthukira.

Mbale iliyonse muiyese kaye. Ikhazikeni pa nsonga za zala, muigogode pang'ono ndi chikhadabo. Ya porcelain yabwino imalira ngwee. Ya mng'alu wobisika imangoti phu. Earthenware silira kwambiri ngakhale ili bwino, ndiye muiyerekeze ndi inzake ya seti yomweyo. Ya mng'alu musailipirire ulendo, ikafika pawiri.

Kulongedza ndi kumene kuli ntchito. Choyamba kukhudza mbale chikhale pepala loyera lopanda inki. Nyuzipepala ayi: mbale zakale zimakhala ndi timing'alu tating'ono pa khungu lonyezimira lija, inki ikalowamo siituluka. Pamwamba pa pepala kulungani bubble wrap, pulasitiki ya timatuza ta mpweya ija, kawiri, ndipo selotepi igwire pulasitiki yokha, isakhudze golide kapena chojambula. Mbale zofanana kukula muziike m'mitolo ya zinayi kapena zisanu, pakati pa mbale ndi mbale pakhale chidutswa cha katoni, kenako mumange mtolo wonse mothina kuti ukhale chinthu chimodzi. M'katoni mitoloyi iime chilili, m'mphepete muli pansi, monga zimaimira mbale pa choumitsira. Mbale yogonekedwa chafulati imalandira mphamvu yonse pakatikati, pamene ndi pofooka. Yoimirira imalandirira m'mphepete. Ambiri amalakwitsa pomwepa chifukwa kusanjikiza kumaoneka kwaudongo.

Makapu musalowetsane. Kapu iliyonse muidzaze pepala lofwanyafwanya m'kati, mukulunge chogwirira pachokha mpaka mpata wake utatsekeka, kenako kapu yonse. Tiyipoti imalongedzedwa mbali zitatu: chivindikiro pachokha, mlomo wotulukira tiyi muuveke kachubu ka katoni, thupi lidzazidwe pepala. Chivindikiro chosiyidwa pa tiyipoti, ngakhale chomatidwa ndi selotepi, chimagundagunda ulendo wonse mpaka kubenthula khosi.

Katoni ikhale ya makoma awiri, yatsopano kapena yosanyowapo. Zolemera pansi, makapu pamwamba, mipata yonse itsekedwe. Mukatseka, inyamuleni muigwedeze pafupi ndi khutu. Mukamva kanthu kakusuntha, tsegulaninso. Katoni iyi ilowe mu ina yaikulu, pakati pake patsale masentimita 5 mbali zonse zisanu ndi imodzi, odzazidwa ndi siponji kapena pepala lothinitsidwa. Selotepi idutse pa mzere wapakati ndi m'mbali zonse, pansi ndi pamwamba. Zovala ndi matawulo zimathandiza kutseka mipata, koma paulendo zimaphwa, ndiye zisakhale chitetezo chokhacho. Katoni imodzi isapitirire makilogalamu 15. Yolemera kuposa apo onyamula amaikhwekhwereza kapena kuigwetsa.

Tsopano njira zotumizira.

Positi ndi ya kanthu kamodzi kapena tiwiri. Ku UK phukusi laling'ono la Royal Mail lopita kunja limalekeza pa makilogalamu 2, pomwe mbale imodzi yaikulu ya earthenware imatha kupitirira theka la kilogalamu isanakulungidwe. Ndi yabwino potumiza sosala yolowa m'malo mwa yosweka, basi.

DHL, FedEx ndi UPS ndi achangu ndipo phukusi mumalitsatira pa foni, koma apa ndi pamene kulongedza bwino kumakulumani m'thumba. Iwo amalipiritsa kulemera kwenikweni kapena kulemera kwa malo amene katoni yatenga, chimene chakula pa ziwirizi. Kawerengedwe kake: mlitali kuchulukitsa ndi mlifupi kuchulukitsa ndi msinkhu, m'masentimita, kugawa ndi 5000. Katoni ya 50 x 40 x 40 ndi 80,000, kugawa ndi 5000 ndi makilogalamu 16, ngakhale sikelo ikuwerenga 9. Poona zimenezi ena amachotsa katoni yakunja kuti mtengo utsike. Musatero. Maphukusi amadutsa pa malamba a makina, amagwera m'makhwawa osankhulira, ndipo makina sawerenga chomata cholembedwa FRAGILE. Bola kuchepetsa chiwerengero cha mbale.

Musanalipire kulikonse, funsani mndandanda wa katundu amene kampani silipira akawonongeka. Makampani ambiri a maphukusi, a positi omwe, amaikapo zadothi ndi magalasi: phukusi likasowa amalipira, mbale zikasweka ayi. Munthu amatha kugula inshuwalansi yowonjezera osadziwa kuti siikhudza kusweka. Yankho la wa pa kauntala silikwanira, muone cholembedwa.

Kago ya ndege kudzera mwa ma ejenti ndi imene ndimaiona yoyenera seti yathunthu ya anthu 6 kapena 8. Ambiri amagawa ndi 6000, kotero katoni ija imatsika kufika pa makilogalamu 13.3, ndipo mtengo wa kilogalamu umatsika katundu akachuluka. Makatoni amamangidwa pa paleti, sadutsa m'manja ambiri. Zoipa zake zilipo. Pali mtengo woyambira ngakhale katundu achepe, wolandira amakatenga yekha ku bwalo la ndege, ndipo akachedwa ndalama ya kusunga imayamba kuwerengedwa. Pangano la mayiko la zonyamula pa ndege, Montreal Convention, limaika malire a chipukutamisozi pa kilogalamu iliyonse, osati pa mtengo wa chinthu, pokhapokha mutalembetsa mtengo wake pa air waybill, chikalata cha katundu wa pa ndege, ndi kulipirira. Tiyipoti yosapezekapezeka ya kilogalamu imodzi imawerengedwa ngati kilogalamu ya nsapato. Dandaulo la kuwonongeka liyenera kulembedwa pasanathe masiku 14 chilandirireni.

Kontena ya pamadzi ndiyo yotsika mtengo pa katundu wambiri, popeza amawerengera malo, koma imafuna kulongedza kwina. Katundu amakhala m'njira milungu yambiri, nthawi zina miyezi, chinyezi chimafewetsa katoni, ndipo simudziwa kuti pamwamba pa yanu aikapo filiji kapena matayala. Akatsitsa padoko pamatsala ulendo wa lole, umene umagwedeza kuposa nyanja. Apa katoni yokha siikwana. Ilowe m'bokosi la pulasitiki lolimba kapena la matabwa. La matabwa enieni limafunika chidindo cha ISPM 15 chosonyeza kuti anawatenthetsa kapena kuwafukiza mankhwala kupha tizilombo, pomwe la plywood silifuna chidindocho, ndiye plywood ndiye yosavuta. Madiramu abuluu aja ndi a zovala ndi sopo. Diramu ndi yozungulira, katoni ya makona imasiya mipata m'mbali, ndipo onyamula amaigoneka n'kumaigubuduza.

Anthu olengeza pa WhatsApp kuti akunyamula katundu alipo okhulupirika, koma funsani zitatu: lisiti yolemba chiwerengero cha makatoni, ngati katundu amasinthidwa galimoto panjira, ndi amene alipire kasitomu. Wozemba mafunso amenewa mum'patse zovala, osati mbale.

Zosowa kwambiri, monga tiyipoti kapena mbale ya chidindo chakale imene sipangidwanso, zidikire ulendo wanu kapena wa wachibale wanu, zilowe m'chikwama cham'manja. Mu sutikesi ya makilogalamu 23 mutha kuikamo mitolo iwiri kapena itatu, bola sutikesiyo ikhale yolimba, mitolo ikhale pakati, kutali ndi zitsulo za chokokera. Zikasweka mmenemo nthawi yodandaulira ndi masiku 7, ngakhale makampani a ndege kawirikawiri amakana za katundu wosweka msanga.

Pa fomu ya kasitomu, kaya ndi CN22 kapena CN23 ya ku positi, kaya invoisi ya kampani, lembani momveka: zadothi zodyera, zogwiritsidwapo kale ntchito, zidutswa zingati. Nambala ya HS, imene a kasitomu amadziwira mtundu wa katundu, ya porcelain ndi bone china ndi 6911, ya zadothi zina ndi 6912. Kungolemba kuti mphatso kungachititse kuti katoni itsegulidwe, ndipo woitsegula sadzaitseka mmene munatsekera inu. Kutsitsa mtengo pa fomu kumachepetsa msonkho, komanso kumachepetsa chimene mungalandire katundu akasowa.

Jambulani chidutswa chilichonse kutsogolo ndi pa chidindo musanakulunge, kenako katoni ili yotsegula. Wolandira mumuuziretu kuti asasaine asanaone makona a katoni. Ikakhala yophwanyika alembe zimenezo pa pepala losainira, ajambule, ndipo asataye katoni ndi zokulungira, chifukwa oweruza dandaulo amazifuna. Seti ikafuna makatoni awiri, musaike mbale zazikulu kwina, makapu ndi masosala kwina. Gawani pakati mtundu uliwonse, zitatu uku zitatu uko, kuti katoni imodzi ikasowa kapena kuphwanyika mutsale ndi seti ya anthu atatu yogwira ntchito, osati makapu asanu ndi imodzi opanda mbale.