Lamulo la intaneti: la dziko lonse kapena la chigawo?

Mfundo yoti makampani opereka intaneti asamachedwetse kapena kutseka mawebusaiti ena pofuna kukondera ena ingatetezedwe m'njira ziwiri. Yoyamba ndi lamulo limodzi la dziko lonse, monga lomwe bungwe la boma loyang'anira za mauthenga la FCC linakhazikitsa ku America mu 2015. Lamuloli linkateteza aliyense mofanana koma linathetsedwa mu 2017 boma litasintha. Okonda ulamuliro wa zigawo amatsamira pa njira yachiwiri, yomwe chigawo cha California chinatsata mu 2018 popanga lamulo lakelake. Ine ndimaona kuti njirayi ndi yolimbirapo, chifukwa sigwedezeka ndi kusintha kwa boma ku Washington, ngakhale zimandidetsa nkhawa kuti anthu a m'zigawo zopanda lamulo lotere amatsala opanda chitetezo.