Land Rover ya LEGO Technic 42110: galimoto ndi yabwino, koma wogulitsa anandinamiza

Ndadikira miyezi iwiri ndisanalembe ndemangayi, chifukwa ndikanalemba sabata imene katundu anafika, akanakhala mawu aukali okhaokha. Pano mtima wakhalako pansi, koma sindinaiwale.

Ndinagula Land Rover Defender ya LEGO Technic, kagalimoto komanga wekha ndi tizidutswa ta pulasitiki, nambala 42110, kwa mkulu uja wa ku Lilongwe amene amatsatsa zinthu zoterezi pa Facebook. Dzina sindimutchula. Inu amene mumagula zimenezi mukumudziwa, ndipo mtengo wake munauona. Ineyo ndinasunga ndalamazo kwa miyezi isanu, kutapa pang'onopang'ono pa zimene ndimapeza ndikakonza injini za maboti kuno ku Senga Bay. Seti imeneyi inatuluka mu 2019 ndipo anasiya kuipanga, n'chifukwa chake ndinamufunsa kawiri konse pa WhatsApp kuti, "Akulu, ndi yatsopanodi? Sinatsegulidwepo?" Yankho lake ndikadali nalo mu foni: "Bwana, yosatsegula, musakayike." Ndinatumiza ndalama zonse tsiku lomwelo, iye n'kupatsira kondakitala wa minibasi, ine n'kukalandira pa Kamuzu Road Lachisanu madzulo. Pamenepa palibe chodandaula, katundu anafika tsiku limene tinapangana.

Bokosi linali lophwanyika pakona imodzi ndipo linali ndi tepi wambiri, koma ndinati ndi za mu minibasi, pansi pa mpando pamakhala matumba a chimanga ndi mapazi a anthu. Ndinatsegula, buku la malangizo lilimo, matumba a manambala alimo, matayala alimo. Chimwemwe chinanditseka m'maso. Sindinayang'ane pakamwa pa matumba aja.

Usiku wachiwiri ndi pamene zinaululika. Magetsi anali atazima, ndikumanga ndi nyale ya sola patebulo, ndipo ndinafika pa difu, kachipangizo ka magiya kamene kamalola matayala kuzungulira pa liwiro losiyana galimoto ikamakhota. Amene munamangapo Technic mukudziwa kuti m'kati mwa difu mumalowa timagiya titatu ta mano 12, ndipo galimoto imeneyi ili ndi madifu atatu, yakutsogolo, yapakati ndi yakumbuyo. Nditatenga kagiya kamodzi, zala zanga zinakana. Ine ntchito yanga ndi kugwira magiya tsiku lonse, chinthu chikakhala cholakwika chala chimadziwa maso asanaone. Kanali kokhakhala m'mphepete, mtundu wake wotuwirako kusiyana ndi tinzake, ndipo nditakayandikitsa ku nyale ndinaona timinyenyeswa ta pulasitiki totsalira pakati pa mano. Ndinakaikabe. Nditazunguza ekiselo kamodzi, kawiri, ndinangomva kuti thyo! Dzino lathyoka, difu yauma gwa.

Apo m'pamene ndinatola matumba amene ndinali ndisanatsegule. Pakamwa pake panali pomatidwa ndi moto, mzere wokhotakhota wokhala ndi timadontho takuda, ndendende mmene amayi ogulitsa mtedza pa depoti amamatira timapepala tawo ndi kandulo. Munthu anatsegula matumba amenewa, anachotsamo zina, anathiramo zina, n'kumatanso.

Sindinagone. M'mawa ndinapempha mayi a kunyumba malichero awiri ndi mbale zonse za m'kabati. Kumapeto kwa buku la malangizo kuli masamba osonyeza kachidutswa kalikonse, nambala yake ndi kuchuluka kwake, ndipo zonse pamodzi ziyenera kukwana 2573. Tinakhala pamkeka atatu, ine, iwo ndi mwana wathu wamkazi wa Fomu 2, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mapini akuda m'mbale yawo, abuluu m'mbale yawo, maekiselo kuwayeza pa chithunzi cha m'buku mmodzimmodzi. Mwanayo ndi amene ali ndi maso akuthwa, ndiye ankafunafuna kadzina ka LEGO ndi kanambala kamene amadinda pa zidutswa zambiri, kakang'ono koti ine ndimachita kutsinzina diso limodzi. Titamaliza tinapeza kuti zidutswa 14 palibiretu, ndipo zina 31 si za LEGO ayi, ndi zamtundu wina zongofanana. Mapini achilendowo ena ankalowa mosavuta kwambiri n'kumagwedera, ena kulimba moti mpaka kuchita kukankha ndi msana wa supuni.

Ndinamuimbira. Ndinayankhula mwaulemu, Mulungu ndi mboni. Ndinati, "Akulu, katundu uja si watsopano, matumba anamatidwanso, ndipo zina zikusowa." Anayamba waseka. Kenako anati, "Aaa bwana, zidole za ana zimenezo, mwana wanuyo sazindikira. Chathyokacho ingomatani ndi supagulu."

Mawu amenewa ndi amene anandipweteka kuposa ndalama. Choyamba, iye akudziwa bwino kuti amene amamugula zinthu za mtengo umenewu ndi anthu akuluakulu, ndipo pozitsatsa amalemba yekha kuti n'za akuluakulu. Polandira ndalama ndinali bwana wodziwa zinthu, podandaula ndasanduka bambo wovutitsa chifukwa cha chidole. Chachiwiri, supagulu pa dzino la giya? Munthu wogulitsa Technic n'kumanena zimenezo, ndiye kuti sanamangepo ngakhale imodzi. Ndinadula foni ndisanayankhule zoti ndidzanong'oneze nazo bondo. Ndinamutumizira zithunzi za matumba, za kagiya kothyoka ndi mndandanda wa manambala a zosowa zonse. Anawerenga, osayankha. Masiku anayi ndikulemba, iye chete.

Mwina ena mukudabwa kuti bambo wa zaka zopitirira makumi anayi akulirira chiyani. Bambo anga malemu ankayendetsa Land Rover yakale ija, ya pantchito, ndipo Loweruka akamaikonza pansi pa mtengo wa mango ine ndinali wowapatsira masipanala. Ndiwo anandionetsa koyamba chifukwa chimene tayala lakunja limathamanga kuposa lamkati galimoto ikamakhota, anachita kukweza galimoto pa jeke n'kundiuza kuti ndizunguze tayala limodzi ndione linzake likubwerera m'mbuyo. Ndikachoka pamenepo ndinkakapinda galimoto zanga za mawaya, matayala a zitsekerero, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Koma ya mawaya inalibe difu, ndipo ndinkalakalaka itakhala nayo. Ndiye tsiku limene ndinaona kuti pali galimoto yoti ungaimange patebulo ndi manja ako, yokhala ndi madifu atatu ogwira ntchito, ndinadziwa kuti ndidzaigula ngakhale patapita zaka.

Poyembekezera yankho ndinabwereka timagiya ku kathirakitala kanga ka Technic kamene ndinatola pa kaunjika zaka zapitazo, n'kupitiriza kumanga. Ndipo apa ndinene zoona, mkwiyo unayamba kusungunuka wokha, chifukwa galimotoyi anaiganizira bwino. Injini yake ndi ya masilinda 6 ondondozana, ukamaikankha mapisitoni amavina pansi pa boneti. Giyabokosi ndi ya magiya anayi osintha motsatizana, kuphatikizapo hai ndi lo ngati galimoto yeniyeni ya m'tchire, ndipo ukapinda mipando yakumbuyo umaona magiya akulumana. Tayala lililonse lili ndi masipuling'i akeake, moti ndikaikweza tayala limodzi pa chidutswa cha njerwa, enawo amakhalabe pansi. Kutsogolo kuli winchi yokoka ndithu. Chitseko chakumbuyo chimatseguka ukapotoza tayala la sipeya, ndipo tsiku limene mwana wanga anatulukira zimenezi anaitana anzake a nyumba zitatu. Kutalika kwake ndi masentimita 42, yadzaza pamwamba pa kabati yonse. Maonekedwe ake ndi a Defender yatsopano, yosalala m'makona, osati ya bambo anga ija yokhala ngati bokosi, koma mtundu wake wobiriwira motuwira umandikumbutsabe yomweyo.

Kwa amene mukufuna kuimanga, mverani izi, ndazitenga ku ntchito yanga. Mphamvu yochokera ku matayala imadutsa magiya ambirimbiri isanafike ku injini, ndiye kalikonse kothina kamamveka. Musamakanikize giya mpaka kugundana ndi mtanda, siyani kampata kochepa ngati tsitsi, ndipo mukaika ekiselo iliyonse izunguzeni ndi chala muone ngati ikuyenda mofewa musanapite tsamba lina. Majointi aja opindika, amene amagwira ntchito ngati a pa puropela shafiti, akakhala awiri pa ekiselo imodzi mafoloko ake amkati ayang'ane mofanana. Mukawasemphanitsa shafiti imayenda modumphadumpha, ndipo mudzamva kuti kha, kha, kha muli mutatseka kale bodi yonse. Kuphwasula kuti mufikenso pamenepo ndi ntchito ya tsiku lathunthu. Oilo wa galimoto kapena girisi musayerekeze kuthira, si chitsulo ichi. Ndipo kuno kwathu ndi dzuwa la Okutobala lija, musaiike pawindo. Fumbi ndimachotsa ndi kaburashi kofewa kopentera.

Patatha milungu itatu, ndili pa gombe ndikulimbana ndi kabuleta ya injini ya msodzi wina, foni inalira, nambala yachilendo. Kondakitala. "Madala, muli ndi kakatundu kanu pano pa Kamuzu Road." Ndinakwera njinga yamoto manja ali bii ndi oilo. Kanali kajumbo ka shuga komangidwa mfundo, m'kati muli envelopu. Ndinatsegulira pomwepo pa benchi ya mayi wogulitsa mandasi. Timagiya ta mano 12 tinayi, mapini akuda odzaza dzanja, ndi zidutswa 11 mwa 14 zija. Zonse zenizeni, kadzina kakuoneka.

Madzulo ake anatumiza uthenga wa mawu. Anati setiyo anaigula kwa munthu wina ku Johannesburg amene anamuuza kuti ndi yatsopano, iye sanatsegule bokosi, ndipo zimene wanditumizirazo wachita kuphwasula seti ina imene inali ya iye mwini. Anamaliza ndi kuti, "Achimwene, ndinalakwa mayankhulidwe tsiku lija, pepani." Ndinamvetsera katatu. Kaya za ku Johannesburg zo n'zoona kaya ayi, mwini wake ndi amene akudziwa, koma kupepesako kunamveka kochokera pansi pa mtima, ndipo ndalama ya minibasi analipira yekha. Munthu wakuba weniweni akanangonditsekera nambala basi. Ndiye sindinganene kuti ndi wakuba. Ndinena kuti ndi wosasamala, amalonjeza zimene sanazione ndi maso ake, ndipo kasitomala akadandaula amayamba ndi kunyoza, kuganiza kumabwera pambuyo.

Komabe ndalama sanabweze ngakhale tambala, pamene ine ndinalipira mtengo wa chinthu chosatsegula n'kulandira chogwiritsidwa kale ntchito. Nditaitchula nkhani imeneyi anangoti zinthu zavuta, dola yakwera. Dola yakwera kwa tonse, akulu, ngakhale kwa ine amene ndimagula masipeya a injini. Ndinayang'anako pa BrickLink, kumene anthu a m'maiko osiyanasiyana amagulitsa zidutswa chimodzichimodzi. Zitatu zotsalazo zilipo ndipo n'zotchipa, koma ndalama yotumizira kuti zifike ku Malawi ikuposa mtengo wa zidutswazo kutalitali.

Galimotoyo ndikuipatsa nyenyezi zisanu, mosakayika. Wogulitsayo ziwiri. Ndikanalemba mwezi watha ikanakhala imodzi, yachiwiriyo ndi ya kajumbo ka shuga kaja. Ngati mukufunabe kugula kwa iye, muuzeni atsegule bokosi pa vidiyo, akuonetseni pakamwa pa thumba lililonse pafupi, ndipo musatumize ndalama zonse katundu asanafike m'manja mwanu. Akakana, dziwani kuti nayenso sakudziwa zimene zili m'katimo.

Yanga ndayamba kale kuisintha. Ndinachotsa bokosi la pa kaliyala, n'kuikapo kabwato kakang'ono kamene anandisemera mkulu wina wosema mabwato pa gombe pathu pano, ndipo ndakamangirira ndi ulusi wa ukonde. Kumbuyo ndapangira chokokera ngolo pogwiritsa ntchito zidutswa zotsala za kathirakitala kaja, ngoloyo ndikumanga pang'onopang'ono. Zidutswa zachilendo 31 zija ndinazizula zonse, zili m'kabotolo pazokha, sindifuna zisakanikirane ndi zinazo.

Mwa zitatu zosowazo, ziwiri n'za m'kati, sizioneka. Chachitatu ndi chogwirira galasi loonera kumbuyo la kumanzere. Pamenepo ndapindapo kawaya ka kopa kochokera mu koyilo yakupsa, mmene ndinkapindira ndili mwana, ndipo galasi laima bwinobwino. Lolemba ndinamulemberanso kumukumbutsa nambala ya kachidutswako. Wawerenga, sanayankhe.