Mabuku a Braille ndi mabuku omvetsera: yankho kwa wosaona ku Mulanje

Munthu wa vuto losaona akafuna kuwerenga, njira zodziwika ndi ziwiri: buku la Braille kapena buku lojambulidwa mawu. Funso ndi lakuti, yabwino ndi iti?

Braille, yomwe anayambitsa Louis Braille wa ku France, imagwiritsa ntchito timadontho 6 totukuka tomwe munthu amapapasa ndi zala. Ubwino wake ngwakuti mwana amadziwa kalembedwe ka mawu, mpumiro ndi masamu, ndipo nayenso amatha kulemba. Sifuna batire. Koma mabuku ake ndi chimtolo: Baibulo lokha limakwana mabuku oposa 30. Tsono kuno ku Mulanje, ndi chiperoni chathuchi, pepala likakoka chinyontho timadontho timaphwatalala, wowerenga n'kumangoganizira.

Buku lomvetsera ndi lopepuka. Mabuku ambirimbiri amalowa m'kamemore khadi kamodzi, ndipo agogo amene maso achita khungu atakula safunika kuyamba sukulu ina. Amangotchera khutu. Vuto ndi kutchaja foni kumudzi, komanso mapulogalamu a m'foni owerenga mokweza zolembedwa, ngati TalkBack, omwe akamawerenga Chichewa ndi mawu a Chingerezi amachipotokola mpaka kuseketsa. Bola buku lowerengedwa ndi munthu weniweni.

Pangano la mayiko la ku Marrakesh la 2013 limalola malaibulale kusandutsa mabuku m'njira zonse ziwirizi popanda kupempha chilolezo kwa eni ake. Kwa ine, mwana wa pulayimale ayambe ndi Braille basi, zomvetsera zibwere pambuyo. Akuluakulu ofuna nkhani, ulimi ndi Mawu a Mulungu, foni ikuwakwanira.